KU AMERICA GALU SASAMUKA POPANDA MAKALATA

Wolemba Mtolankhani Wathu

BANJA likamasamuka kwathu kuno, nkhani ya galu siivuta. Katundu akwezedwa pangolo, nkhuku zimangidwa miyendo ndi kuikidwa m'citete, ana akhala pamwamba pa matumba a cimanga, ndipo galu angotsatira pambuyo lilime lili panja kufikira kumudzi watsopano. Palibe amene afunsa kumene galuyo acokera. Mphaka, ngati walola kugwidwa, alowa m'thumba.

M'dziko la United States of America zinthu siziyenda motero. Kumeneko munthu amene wapeza nchito m'cigawo cina ca dziko lomwelo amayamba wapita ndi galu kapena mphaka wake kwa dotolo wa ziweto kukatenga makalata, asanamange n'komwe katundu. M'zigawo zambiri kulowa ndi ciweto copanda makalata ndi kuphwanya lamulo. M'cigawo cimodzi, ca Hawaii, galu wotere amatengedwa pabwalo la ndeke pomwepo ndi kukatsekeredwa kufikira masiku 120, mwini wake ndi kumalipira cakudya ndi malo.

Ena mwa owerenga athu adzaseka pakumva izi, nadzati ndi zocita za anthu okhuta. Koma akulu anati galu wamkota sakandira pacabe. Kuseri kwa makalata onsewa kuli nthenda imodzi imene ife a kumidzi tiidziwa bwino koposa anthu a ku America, ndiyo ciwewe. Mmene iwo amaichingira nthendayi pamalire a zigawo zao muli phunziro kwa aliyense woweta galu.

DZIKO LIMODZI, MALAMULO AMBIRI

Dziko la America lili ndi zigawo 50, zimene pa Cingerezi amati state. Zigawo zimenezi zisiyana ndi zathu. Kuno lamulo lopangidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lusaka ligwira nchito cimodzimodzi ku Chipata, ku Mongu ndi ku Kasama. Ku America cigawo ciri conse ciri ndi bwanamkubwa wake, nyumba ya malamulo yake, ndiponso dotolo wamkulu wa ziweto wakewake.

Boma lalikulu la ku Washington silinaike lamulo limodzi la munthu wosamuka ndi galu kapena mphaka wake kucokera m'cigawo cina kunka m'cinzake. Unduna wao wa za malimidwe umangouza anthu kuti afunse ku ofesi ya dotolo wamkulu wa cigawo cimene akupitako. Apa ndi pamene pali mfundo yoyamba: lamulo limene ligwira nchito ndi la kumene ciweto cikupita. Za kumene cicokera sizithandiza kanthu pakhomo la eni ake.

Motero malamulowo ndi osiyanasiyana. Cigawo ca Texas cifuna kuti galu ndi mphaka aliyense wa milungu 12 kapena kuposerapo akhale atalandira katemera wa ciwewe asanalowe. Cigawo ca California cifuna cikalata ca katemera kwa galu wopitirira miyezi inai. Zigawo ziwirizi sizikakamiza munthu wobwera ndi galu wake wa panyumba kukhala ndi cikalata ca umoyo, koma zigawo zina zambiri zimacifuna.

Palinso nyama zimene ziloledwa kwina koma kwina ndi zoletsedwa. Kanyama kena konga likongwe, kamene eni ake amati ferret, kamawetedwa m'nyumba m'zigawo zambiri, koma ku California ndi ku Hawaii kukhala nako ndi mlandu. Ngakhale mizinda imaika malamulo akeake. Mzinda wa Denver unaletsa mtundu wa agalu aukali ochedwa pit bull kuyambira m'caka ca 1989 kufikira pamene anthu anavota kucotsa ciletsoco mu 2020, ndipo kucokera pamenepo mwini galu wotere amafunika cilolezo capadera. Munthu amene sanafunse angathe kufika ndi ciweto cake pamalo pamene saloledwa kucisunga. Paja safunsa anadya phula.

MAKALATA AKE NDI AWA

Ngakhale malamulo asiyana, makalata ofunika kawirikawiri ndi amodzimodzi.

Coyamba ndi cikalata ca katemera wa ciwewe. Pacikalataci palembedwa dzina la mwini, maonekedwe a ciweto, tsiku limene cinalasidwa nyeleti, mtundu ndi nambala ya mankhwala, tsiku limene mphamvu ya katemerayo idzatha, ndi siginecha ya dotolo. Galu wolandira katemera kwa nthawi yoyamba amawerengedwa kuti ndi wotetezedwa pakapita masiku 28, pakuti thupi lifuna nthawi kuti lipange asilikali olimbana ndi nthendayo. Pakatha caka alandiranso wina, ndipo kucokera apo amabwereza caka ciri conse kapena pa zaka zitatu ziri zonse malinga ndi mtundu wa mankhwala ndi lamulo la kumaloko.

Caciwiri ndi cikalata ca umoyo. Dotolo wovomerezedwa amapima ciweto maso, khungu, m'kamwa ndi kutentha kwa thupi, nalemba kuti sanaone cizindikiro ca nthenda yopatsirana. Cikalataci sicikhalitsa. Zigawo zambiri zimacilandira ngati cinalembedwa m'kati mwa masiku 30, pamene makampani ambiri a ndeke amafuna ca masiku 10 okha. Wocitenga msanga kwambiri amapeza kuti catha mphamvu ulendo usanayambe.

Cacitatu ndi kacipangizo kochedwa microchip. Kameneka n'kakang'ono ngati mbeu ya mpunga, ndipo amakalowetsa ndi nyeleti pansi pa khungu pakati pa mapewa. Muli nambala imene makina apadera amaiwerenga akayandikizidwa pamsana pa ciweto. Si zigawo zonse zimene zimakafuna, koma nchito yake ndi yaikulu. Agalu awiri akuda amafanana, ndipo munthu wacinyengo angathe kuonetsa cikalata ca galu wina. Nambala ya pansi pa khungu ikagwirizana ndi ya papepala, mpamene woyang'anira amadziwa kuti cikalata ndi ca galu amene ali patsogolo pake.

Cacinai cibwera banja litafika. Mizinda ndi maboma ang'onoang'ono ambiri amafuna kuti galu watsopano alembetsedwe, kawirikawiri pasanathe mwezi, ndipo salemba galu wopanda cikalata ca katemera. Akalembetsa amapereka kacitsulo kokhala ndi nambala kopacika m'khosi.

Kunena zoona, pamiseu yolumikiza zigawo za kumtunda sipakhala kawirikawiri munthu woimitsa magalimoto kuti aone makalata a agalu, ndipo ambiri amadutsa osafunsidwa. Makalata amafunidwa pabwalo la ndeke, polembetsa, ndiponso makamaka pa tsiku la tsoka. Galu amene katemera wake ali ndi mphamvu akalumidwa ndi nyama ya ciwewe amalasidwanso nyeleti nayang'aniridwa panyumba masiku 45. Koma galu amene sanalandirepo katemera, malangizo a madotolo a ziweto a m'dzikolo ndi akuti aphedwe, kapena atsekeredwe kwa miyezi inai mwini wake akulipira. Pa tsiku lotere kapepala kamodzi ndi kamene kamapulumutsa moyo wa galu.

NTHENDA YOYENDA MOBISALA

Kuti timvetse cifukwa cake masiku amawerengedwa cotere, tiyenera kudziwa mayendedwe a ciwewe m'thupi.

Kacirombo ka ciwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala, ndipo kamalowa mwa ina kupyolera pabala la mano. Kakalowa kamakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha kulinga ku ubongo. Ulendo umenewu ungatenge milungu iwiri, miyezi itatu, nthawi zina kuposa pamenepo. Nthawi yonseyi galu amadya bwino, amasewera ndi ana, ndipo ngakhale dotolo wodziwa sangaone kanthu pomuyang'ana. Ndi cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kufikira lero njira yotsimikizira kuti nyama ili ndi ciwewe ndiyo kupima ubongo wake itafa.

Kacirombo kakafika ku ubongo, galu amasintha khalidwe. Wofatsa amasanduka waukali, amaluma miyala ndi mitengo, malovu ali cucucu, kapena amangofooka nsagwada ndi miyendo. Pasanathe masiku 10 amafa. Ndico cifukwa cake galu woluma munthu amamangidwa ndi kuyang'aniridwa masiku 10: akakhala wamoyo ndi wabwino pakutha pa masikuwo, ndiye kuti malovu ake analibe nthenda pa tsiku limene analuma.

Kwa munthu, zizindikiro zikangoonekera palibe mankhwala ociritsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciri conse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 ogwidwa ndi nthendayi, pafupifupi 99 amaitenga kwa agalu, ndipo anai mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15.

Dziko la America nalo linali ndi vutoli. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 anthu oposa 100 anali kufa ndi ciwewe caka ciri conse. Katemera wa agalu, kulembetsa ndi kugwira agalu oyendayenda zinasintha zinthu, kotero kuti mu 2007 boma linalengeza kuti mtundu wa ciwewe wofala pakati pa agalu watha m'dzikomo. Masiku ano anthu ofa nayo pacaka sakwana khumi. Komabe nthendayi ikalipo mu nyama zakuthengo monga mileme, nkhandwe ndi akanyimbi, ndipo galu wopanda katemera angathe kuitenga kuthengo ndi kuibweretsa pakhomo.

ALENJE ANASAMUTSA NTHENDA

Anthu a ku America anaphunzira ndi misozi kuti kusamutsa nyama ndiko kusamutsa nthenda.

Kumeneko kuli kanyama kakuthengo kochedwa raccoon, ka msinkhu wa mphaka wamkulu, kokonda kufunafuna zakudya usiku pafupi ndi nyumba za anthu. Kwa zaka zambiri ciwewe ca nyama zimenezi cinali kupezeka kumwera kokha, ku Florida ndi zigawo zoyandikana nayo. M'zaka za m'ma 1970 magulu a alenje anayamba kutenga nyamazi kumwerako ndi kukazimasula m'nkhalango za kumpoto kuti azikhala ndi zosaka zambiri. Zina mwa izo zinali ndi kacirombo kobisala.

Mu 1977 nyama yoyamba yodwala inapezeka m'cigawo ca West Virginia, pafupi ndi malire a Virginia. Kucokera pamenepo nthenda inafalikira ngati moto wa lupsa. Pofika 1990 inali italowa m'cigawo ca New York, ndipo mu 1999 inaoloka malire kulowa m'dziko la Canada. Kufikira lero boma limamwaza ndi ndeke tinyambo tokhala ndi katemera m'nkhalango, caka ndi caka, kuti nthendayi isapitirire kumadzulo. Zonsezi zinayamba ndi nyama zooneka zabwinobwino zonyamulidwa m'galimoto.

HAWAII, KUMENE CIWEWE SICINAFIKE

Malamulo okhwima koposa onse ali m'cigawo ca Hawaii. Cigawoci ndi zilumba za pakati pa nyanja ya Pacific, pamtunda wa makilomita pafupifupi 4,000 kucokera ku California, ndipo cinakhala cigawo ca nambala 50 ca America mu 1959. Ndi cokhaco m'dziko lonselo kumene kulibe ciwewe, kaya mwa agalu kaya mu nyama zakuthengo.

Anthu a pazilumbazi adziwa kuopsa kwa nyama yacilendo. Mu 1883 eni minda ya nzimbe anabweretsa nyenga kuti zidye makoswe. Koma makoswe ayenda usiku pamene nyenga ziyenda usana, cotero nyengazo zinatembenukira ku mazira ndi anapiye a mbalame za pazilumbapo, ndipo kufikira lero zikali vuto. N'cifukwa cake njoka ndi tinyama tina tambiri toweta n'zoletsedwa kotheratu kumeneko.

Lamulo lotsekera agalu ndi amphaka obwera linayamba mu 1912, pamene ciwewe cinafala ku California. Kwa zaka 85 ciweto ciri conse cocokera kumtunda cinali kukhala masiku 120 m'zitupa za boma cisanaperekedwe kwa mwini wake. Nthawiyi inasankhidwa kuti ngati muli kacirombo kobisala, kaonekere ciweto cikali m'citupa.

Lamuloli linali lowawa. Mabanja a asilikali ndi anchito ena osamutsidwa anali kulekana ndi ziweto zao kwa miyezi inai. Ovutika koposa anali anthu osaona, amene kumeneko amayenda motsogozedwa ndi agalu ophunzitsidwa. Kwa iwo kutsekera galu kunali ngati kuwalanda ndodo. Anapita nayo nkhaniyi kukhoti, ndipo cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linalola agalu otere kulowa osatsekeredwa malinga akwaniritse za katemera ndi kupimidwa magazi.

Nzeru zatsopano zopima magazi zinathandiza kufewetsa lamulo kwa onse. Mu 1997 anayamba kulola masiku 30 kwa ziweto zokwaniritsa zofunika, ndipo mu 2003 anatsitsa kufika pa masiku asanu kapena kuceperapo. Lero galu angathe kuperekedwa kwa mwini wake tsiku lomwelo pabwalo la ndeke la Honolulu, koma pokhapo ngati zonse izi zacitika m'ndondomeko yake.

Ciweto cikhale ndi microchip. Cikhale citalandira katemera wa ciwewe kawiri pa moyo wake, motalikirana masiku oposa 30, ndipo womaliza akhale wosatha mphamvu komanso wolasidwa masiku osacepera 30 cisanafike. Magazi ake atumizidwe kumalo opimira ovomerezedwa, monga a pa yunivesite ya Kansas State, kuti aone ngati katemera anagwiradi nchito m'thupi. Magaziwo akafika kopimira, mwini adikire masiku ena 30. Makalata onse afike ku ofesi ya ku Hawaii masiku 10 ciweto cisanafike. Potsiriza, m'kati mwa masiku 14 ulendo usanacitike, dotolo acipime ndi kucithira mankhwala a nkhupakupa.

Cimodzi cokha cikaphonyeka, ciweto cimatsala m'manja mwa boma kufikira masiku atakwana, ndipo cimene sicikwaniritsa konse cimakhala masiku onse 120. Kamwana ka galu kobadwa lero sikangathe kumaliza ndondomekoyi kasanafike pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Agalu ndi amphaka ocokera ku Britain, Australia, New Zealand ndi cilumba ca Guam, kumene kulibe ciwewe, satsekeredwa. Cotero galu wocokera kudziko lacilendo la New Zealand amalowa mosavuta koposa galu wa m'dziko lomwelo wocokera ku California. Cimene ayang'ana eni ake ndi nthenda ya kumene galu acokera, mbendera alibe nayo kanthu.

PAMENE PEPALA LINAMA

Cikalata cingathe kunena zimene sizinacitike. Mu June 2021 gulu lina losamalira nyama linabweretsa agalu 33 ndi mphaka mmodzi kucokera kudziko la Azerbaijan kudzera pabwalo la ndeke la Chicago. Onse anali ndi makalata a katemera, ndipo anagawidwa kwa mabanja m'zigawo zingapo. Patapita masiku owerengeka galu mmodzi amene anapita ku Pennsylvania anayamba kucita zacilendo. Ataphedwa ndi kupimidwa anapezeka ndi ciwewe.

Anchito a zaumoyo anayamba kulondola nyama zotsalazo cigawo ndi cigawo, pamodzi ndi munthu aliyense amene anakhudza galu uja. Popima magazi anapeza kuti zingapo mwa nyamazo sizinalandire katemera moyenera, ngakhale mapepala anali kunena kuti zinalandira.

Caka ca 2020 cokha, bungwe la boma loona za matenda la CDC linapeza agalu oposa 450 obwera ndi makalata abodza kapena osakwanira. Pa 14 July, 2021 bungweli linayamba laimitsa kulowa kwa agalu ocokera m'maiko oposa 100 kumene ciwewe ca agalu n'cofala. Pa 1 August, 2024 panabwera lamulo latsopano lakuti galu aliyense wolowa m'dzikolo akhale wa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, wooneka wa umoyo wabwino, wokhala ndi microchip, ndiponso mwini wake akhale atadzaza fomu ya bungwelo pa intaneti.

Apa nkhaniyi itikhudza ife. Pamndandanda wa maiko amene bungweli liwaona kuti ali ndi ciwewe cambiri pali Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Mwana wathu amene apita kukagwira nchito ku America nafuna kutenga galu amene analandira katemera kuno, afunika cikalata cosainidwa ndi dotolo wa Boma, malo osungitsiratu kunyumba yopimira nyama yovomerezedwa kumene ndeke idzatera, ndi zotsatira za magazi zocokera kumalo opimira ovomerezedwa. Zotsatirazo zikasowa, galu amatsekeredwa masiku 28. Akatha zonsezi mpamene ayambanso kuona malamulo a cigawo cimene akakhale.

NANGA KWATHU KUNO?

Alimi a m'cigawo ca Kum'mawa sali alendo ku malamulo otere. Aliyense adziwa kuti ng'ombe siicoka m'boma lina kunka m'linzake popanda cilolezo ca a vetenale. Kwa zaka zambiri nkhumba ndi nyama yake zinali kuletsedwa kuoloka mlatho wa Luangwa kunka ku Lusaka kaamba ka cigodola ca nkhumba. Nzeru yake ndi yomweyo imene a ku Hawaii amagwiritsa nchito pa agalu. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'ombe ndi nkhumba timaziwerengera ndalama, pamene galu timamuona ngati wopanda mtengo, ngakhale kuti nthenda yake ndi imene imapha ana athu.

Dziko lino liri ndi malamulo ake pankhaniyi. Pali lamulo la kasungidwe ka agalu lochedwa Control of Dogs Act, ndiponso lamulo la umoyo wa nyama la Animal Health Act la mu 2010. Mwini galu ayenera kumulasitsa katemera wa ciwewe ndi kumulembetsa, ndipo ciwewe cikabuka m'dera a Boma ali ndi mphamvu yolamula kuti agalu onse amangidwe.

Ife a Kum'mawa tili ndi abale ku Malawi ndi ku Mozambique. Timakwatirana, timaikana maliro, ndipo caka ciri conse Acewa a maiko atatuwa amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pamwambo wa Kulamba. Koma ubale wathu sucotsa lamulo la pamalire. Wofuna kuolotsa galu kapena mphaka pa Mwami kapena pa Chanida ayambe wapita ku ofesi ya a vetenale ya m'boma lake. Mwa nthawi zonse dziko lolandira limafuna cilolezo cake colowetsera nyama, cikalata ca katemera, ndi cikalata ca umoyo cosainidwa ndi dotolo wa Boma la kumene nyamayo icokera. Kudutsa ndi galu panjira za kuthengo kungaoneke kwa cidule, koma ndi mmene nthenda imalowera m'midzi imene inali pamtendere.

Kwa banja limene likonzekera kusamuka, kaya kunka ku boma lina kaya kutsidya la malire, malangizo ndi awa. Funsani a vetenale miyezi ikalipo, pakuti masiku a katemera sathamangitsidwa. Kapepala kamene mupatsidwa galu akalasidwa nyeleti kasungeni pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana, pamalo posafika ciswe ndi mvula. Musagule kapena kulandira kagalu pamseu kwa munthu wosadziwa mbiri yake. Galu wobwera ndi mlendo kapena wacibale, funsani ngati analandira katemera, ndipo ngati palibe umboni mumangeni kutali ndi ana ndi agalu anzake, nimudziwitse wa vetenale. Ngati dera lanu liri pansi pa lamulo lomanga agalu, musaturutse galu m'deralo ngakhale aoneke wabwino cotani.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye kucipatala tsiku lomwelo. Katemera wa anthu olumidwa, amene Louis Pasteur wa ku France anayamba kumugwiritsa nchito mu 1885 pa mnyamata wa zaka 9, amapulumutsa moyo ngati waperekedwa zizindikiro zisanayambe. Galu wolumayo musamuphe msanga ngati n'kotheka kumumanga bwino. A vetenale afuna kumuona kwa masiku 10.

Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa 10 alionse m'dera akalandira katemera caka ndi caka, ciwewe cimasowa poyenda ndipo cimazima. Dziko la Mexico, loyandikana ndi America, linacita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linalivomereza kukhala dziko loyamba kutsimikiziridwa kuti lathetsa vuto la ciwewe cocokera kwa agalu pakati pa anthu ake. Maiko a dziko lapansi anapangana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi ciwewe ca agalu, ndipo pa 28 September caka ciri conse amakumbutsana za pangano limeneli.

A vetenale akalengeza tsiku la katemera m'dera lanu, mafumu ndi anyakwawa athandize kumema anthu, ndipo pakhomo pali ponse paturuke galu ndi mphaka. Kapepala kamene mudzabwera nako tsikulo ndiko ciphaso coyamba ca galu wanu, kaya ulendo wake ndi wa ku Hawaii kaya ndi wa kumudzi wa patsidya pa dambo.